Mbiri ya Tour du Rwanda: n'chifukwa chiyani eni dziko anasiya kupambana mpikisano wawo?

Wokonda Njinga analemba kuti:

Akuluakulu, ndabwera ndi funso kwa inu amene mwakhala mukutsatira masewero opalasa njinga kwa nthawi yaitali. Mpikisano wa dziko lonse lapansi umene unachitikira ku Kigali mu Sepitembala 2025 unandichititsa chidwi kwambiri, ndipo owulutsa mawu ankabwerezabwereza kunena kuti mwayi umenewu unabwera chifukwa cha Tour du Rwanda, mpikisano wa masiku angapo umene umachitika chaka ndi chaka m'mapiri a dzikolo. Pamndandanda wa amene anaupambana pali chinthu chimene chikundizunguza mutu: kuyambira 2014 mpaka 2018 jezi yachikasu, imene amavala wopambana, inkatsala m'manja mwa eni dziko chaka chilichonse, koma kuyambira 2019 mpaka 2025 palibe mbadwa ya dziko la Rwanda ngakhale imodzi imene inapambana.

Ndikupempha amene akuidziwa bwino mbiri imeneyi kuti andifotokozere mmene mpikisanowu unayambira, amene anaukweza mpaka kufika pokopa matimu a ku Ulaya, ndiponso chimene chinasintha m'chaka cha 2019. Kodi anyamata a ku Rwanda ndi amene anabwerera m'mbuyo, kapena mpikisano ndi umene unawakulira?

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

Mwafunsa bwino, achimwene, koma yankho lake likufuna kuti tiyambire kutali pang'ono. Tour du Rwanda udayamba m'chaka cha 1988 ngati mpikisano wa anthu ongokonda njinga, osati olembedwa ntchito yopalasa, ndipo woyamba kuupambana adali Célestin Ndengeyingoma. Udachitikanso mu 1989 ndi mu 1990, kenaka udazilala. Mu Okutobala 1990 nkhondo idabuka kumpoto kwa dzikolo, ndipo mu 1994 kudachitika zoopsa zija zofuna kufafaniza mtundu wa Atutsi, pamene anthu pafupifupi 800,000 kapena kuposerapo adaphedwa m'masiku pafupifupi 100. Kuyambira 1991 mpaka 2000 kudalibe mpikisanowu.

Utayambiranso mu 2001, munthu amene adaulamulira adali Abraham Ruhumuriza wa ku Butare, mzinda umene lero ukutchedwa Huye. Iyeyu adapambana kasanu: mu 2002, 2003, 2004, 2005 ndi 2007, pamene mu 2006 Peter Kamau wa ku Kenya ndi amene adamudula. Ruhumuriza adayambira pa kabaza, ndipo sadali yekha, chifukwa anyamata ambiri a m'badwo umenewo mphamvu zawo adazipezera pa njinga zolemera zopanda magiya, zonyamula anthu, matumba a mbatata ndi mikoko ya nthochi m'zitunda za kwawoko. Mphamvu adali nazo zosefukira, koma adalibe njinga zoyenera, zakudya zoyenera, ndi munthu wowaphunzitsa nzeru za mpikisano.

Zimenezi zidabwera kudzera mwa anthu awiri a ku America. Tom Ritchey, katswiri wodziwika pa zopanga njinga, adafika ku Rwanda mu 2005 ndi cholinga chothandiza alimi a khofi kupeza njinga zolimba zonyamulira zokolola. Mu 2006 iye ndi anzake adakonza mpikisano wotchedwa Wooden Bike Classic, ndipo adaitana mnzake Jonathan Boyer, amene mu 1981 adakhala munthu woyamba wa ku America kupikisana nawo mu Tour de France, mpikisano wa njinga wotchuka kwambiri padziko lonse. Boyer ataona luso la anyamatawo adatsalira komweko, nakhazikitsa Team Rwanda mu 2007. Mmodzi mwa anyamata oyambirira m'timuyo adali Adrien Niyonshuti, amene abale ake aamuna 6 adaphedwa mu 1994. Iyeyu adapambana Tour du Rwanda mu 2008, ndipo mu 2012 adanyamula mbendera ya dziko lake pa masewero a Olympics ku London.

Mu 2009 bungwe loyang'anira masewero a njinga padziko lonse la UCI lidauvomereza mpikisanowu kulowa mu UCI Africa Tour, mndandanda wa mipikisano yake ya mu Africa, pamlingo wotsika wotchedwa 2.2. Apa ndipomwe ndikufuna muonetsetse, chifukwa chilala chimene mukufunsachi sichoyamba. Mpikisano utangovomerezedwa, eni dziko adakhala zaka 5 osaukhudza: mu 2009 adapambana Adil Jelloul wa ku Morocco, mu 2010 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea, mu 2011 Kiel Reijnen wa ku America, ndipo mu 2012 ndi 2013 jezi idapita ku South Africa ndi Darren Lill komanso Dylan Girdlestone. Zidatengera nthawi yonseyo kuti mbewu imene idadzalidwa mu 2007 ikhwime. Mu 2014, chaka chomwe malo ophunzitsira a Africa Rising Cycling Center adatsegulidwa ku Musanze, Valens Ndayisenga adapambana ali ndi zaka 20. Adatsatira Jean Bosco Nsengimana mu 2015, Ndayisenga kachiwiri mu 2016, Joseph Areruya mu 2017, ndi Samuel Mugisha mu 2018.

Chimene chidachitika mu 2019 n'chakuti mpikisano udakwezedwa kuchoka pa 2.2 kufika pa 2.1. Pamlingo wa 2.2 matimu aakulu kwambiri a WorldTour saloledwa kulowa, pamene pa 2.1 amaloledwa, ndipo mapointi a UCI amene wopambana amalandira amakhala ochuluka. Nthawi yake idasinthanso. Kwa zaka zambiri unkachitika mu Novembala, pamene akatswiri a ku Ulaya amakhala atatopa ndipo akupuma. Mu 2018 udachitika mu Ogasiti, ndipo kuyambira 2019 udasamukira ku Febuluwale, nyengo imene matimu a ku Ulaya amakhala akungoyamba chaka, ali ndi njala ya mapointi, ndipo akufuna malo otentha pothawa chisanu cha kwawo. Chaka choyambacho kudabwera timu ya Astana, imodzi mwa matimu a WorldTour aja, ndipo Merhawi Kudus wa ku Eritrea, amene panthawiyo adali atapikisanapo kale mu Tour de France, ndi amene adapambana. Monga munthu amene ndidakalambira m'kalasi, ndimaona ngati ana a Folomu 2 adapatsidwa mayeso a Folomu 4 asadaphunzire silabasi yake.

Nachisale anayankha kuti:

Zikomo, a Mphunzitsi, chifukwa cha mbiri yomveka bwino. Ine ndinakhalako ku Kigali pantchito ndipo mpikisanowu ndinauonera ndi maso, choncho ndiwonjezere mbali ya msewu weniweniwo, popeza munthu sangamvetse za kupambana ndi kulephera ngati sakudziwa mmene dzikolo linakhalira.

Mpikisanowu nthawi zambiri umatenga masiku 8, tsiku lililonse ndi chigawo chake, ndipo wopambana ndi amene nthawi yake ya zigawo zonse pamodzi ili yochepa kuposa ya ena onse. Munthu angathe kupambana zigawo zingapo koma osatenga jezi yachikasu, monga zinachitikira mu 2020, pamene Jhonatan Restrepo wa ku Colombia anapambana zigawo 4 koma mpikisano wonse n'kupita kwa Natnael Tesfatsion wa ku Eritrea. Msewu wosalala wautali ndi wosowa, kupatula chakum'mawa cha ku Rwamagana ndi Kayonza. Kwina konse ndi kukwera ndi kutsika kosalekeza. Mzinda wa Kigali uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, Musanze ali pamamita oposa 1,800 patsinde pa mapiri a Virunga, ndipo msewu wochokera ku Huye kupita ku Rusizi umadutsa m'nkhalango ya Nyungwe pamamita oposa 2,400. Zitunda zake zambiri si zazitali ngati za m'mapiri a Alps ku Ulaya, koma zimabwera motsatizana, moti munthu alibe popumira, ndiponso mpweya wa kumtundako ndi wochepa.

Malo otchuka kwambiri ndi kachitunda ka ku Nyamirambo kamene eni ake amati Kwa Mutwe, pomwe alendo amati Mur de Kigali. Kutalika kwake sikufika theka la kilomita, koma ndi koimirira, ndipo msewu wake ndi woyala miyala, osati phula. Anthu amafika mmamawa n'kudzaza mbali zonse ziwiri, ena pamakonde a nyumba zosanja, ena pamadenga a masitolo, ndipo apolisi amagwira ntchito yaikulu kuti pakati patsale mpata. Opalasa akafika, woonera amamva tcheni chikulira pamene akutsitsa magiya, njinga ikunjenjemera pamiyala, ndipo amene wadzuka pachishalo kuti akankhe ndi thupi lonse amapeza kuti tayala lakumbuyo likuterereka, makamaka kukagwa mvula. Amene amakwera bwino pamenepa ndi amene amakhala pansi n'kumapalasa mosadukiza, ndipo amene wachedwa kulowa pakona yotembenukira amakakamira kumbuyo kwa anzake ofooka, n'kutaya masekondi amene sangawabwezenso.

Masekondi amenewo ndi amene amaweruza. Mu 2023 Henok Mulubrhan wa ku Eritrea anamaliza mpikisano wonse ndi nthawi yofanana ndendende ndi ya Walter Calzoni wa ku Italy, ndipo anapambana chifukwa cha malamulo olekanitsira ofanana. Mu 2025 Fabien Doubey wa ku France anaposa Mulubrhan yemweyo ndi masekondi 6 okha.

Pali chinthu china chimene a Mphunzitsi sanachitchule, chimene kwa ine n'cholemera kuposa kubwera kwa Astana. Masewerowa ndi a timu, ngakhale kuti jezi amavala ndi munthu mmodzi. Wopalasa amene wabisala kumbuyo kwa mnzake sawombedwa ndi mphepo ndipo amasunga mphamvu zambiri, choncho mtsogoleri wa timu amafuna anzake omutchingira, omutengera madzi ku galimoto, ndi othamangitsa adani amene athawa patsogolo. Matimu a mumpikisanowu amakhala a anthu 5 okha, chiwerengero chochepa kwambiri kuti timu imodzi ilamulire chigulu chonse m'mapiri. Koma m'zaka ngati 2014 ndi 2015 dziko la Rwanda linkalowetsa matimu atatu a dziko, otchedwa Karisimbi, Akagera ndi Muhabura. Ngakhale kuti pamapepala anali matimu osiyana, onse ankaphunzitsidwa pamodzi ndipo ankadziwana bwino, moti mlendo wobwera ndi anzake anayi ankalimbana ndi gulu lalikulu katatu. M'zaka zotsatira, timu ya dziko inatsala imodzi, ndipo ena anayamba kupalasira makalabu ngati Benediction ya ku Rubavu, kalabu iliyonse ndi zolinga zake.

Mkonzi wa Njinga anayankha kuti:

Ndawerenga zonse ziwiri mwachidwi, ndipo pa zaka ndi mayina sindikutsutsa kanthu. Koma a Mphunzitsi, mundikhululukire, mfundo yanu yomaliza ikuwapeputsira mlandu anthu amene ayenera kuyankha. Zikanakhala kuti vuto ndi kubwera kwa matimu olemera a ku Ulaya, bwenzi azungu ndi amene akusesa mpikisanowu chaka chilichonse. Komatu pa mipikisano 5 yoyambirira ya mlingo wa 2.1, inayi inapita kwa anyamata a ku Eritrea: Kudus mu 2019, Tesfatsion mu 2020 ndi 2022, Mulubrhan mu 2023. Wa ku Ulaya amene anadula mzerewu anali Cristián Rodríguez wa ku Spain mu 2021, chaka chimene mpikisano unachitika mu Meyi chifukwa cha Covid-19. Joseph Blackmore wa ku Britain ndi Doubey anabwera pambuyo pake, mu 2024 ndi 2025. Tsono funso loyenera ndi lakuti: kodi Eritrea ali ndi chiyani chimene Rwanda alibe?

Choyamba ndi mizu. Njinga zampikisano zinafika ku Eritrea ndi atsamunda a ku Italy, ndipo mpikisano wozungulira dzikolo unachitika koyamba mu 1946. Ku Asmara, mzinda umene uli pamamita oposa 2,300, kuli makalabu akalekale ndi mipikisano yochitika pafupipafupi m'misewu ya mumzinda, kotero kuti mwana wa zaka 15 amakhala atazolowera kale kupalasa pakati pa chigulu, mahandulo akukhudzana, popanda mantha. Luso limenelo silimabwera ndi kunyamula matumba pa kabaza, ngakhale miyendo italimba bwanji.

Chachiwiri ndi njira yotulukira kunja. Teklehaimanot anapita ku malo ophunzitsira a UCI ku Aigle, m'dziko la Switzerland, kenako analembedwa ndi timu ya GreenEdge mu 2012, ndipo mu 2015 anavala jezi yamadonthomadontho ya katswiri wa zitunda mu Tour de France ali ndi timu ya MTN-Qhubeka. Biniam Girmay anadzera ku Aigle komweko. Iyeyu anapambana chigawo cha Tour du Rwanda mu 2019 ali ndi zaka 18, ndipo zimene anachita pambuyo pake tonse tikuzidziwa: anapambana mpikisano wa Gent-Wevelgem ku Belgium ndi chigawo cha Giro d'Italia mu 2022, kenako zigawo zitatu ndi jezi yobiriwira ya wotolera mapointi ambiri mu Tour de France ya 2024. Anyamata amenewa akafika ku Kigali mu Febuluwale amakhala atachokera m'mipikisano yowawa ya ku Ulaya, choncho liwiro la mlingo wa 2.1 silimawadabwitsa.

Kumbali ya Rwanda njira imeneyi inatseguka pang'ono n'kutsekekanso. Areruya anali ndi zonse: mu 2017 anapambana chigawo cha Giro d'Italia ya achinyamata, mu 2018 anatenga La Tropicale Amissa Bongo ku Gabon ndi Tour de l'Espoir ku Cameroon, analembedwa ndi timu ya Delko ya ku Marseille, ndipo mu 2019 anapikisana nawo mu Paris-Roubaix. Koma ku Ulaya sanakhalitse, ndipo pambuyo pake panalibe gulu la achinyamata lomutsatira. Boyer anachoka ku Rwanda mu 2017, atsogoleri a bungwe la FERWACY, loyendetsa masewerowa m'dzikolo, anatula pansi maudindo kumapeto kwa 2019 pakati pa madandaulo okhudza kayendetsedwe ka zinthu, ndipo Samuel Mugisha, amene anali womaliza kupambana, anatsalira ku America mu 2022. Zonsezi zinachitika panthawi imodzimodzi imene mpikisano unkakula.

Luso lokha lilipobe. Moïse Mugisha, amenenso anachokera pa kabaza, anamaliza wachiwiri mu 2020, ndipo mu 2022 anapambana chigawo chomaliza ku Kigali, kukhala mwini dziko woyamba kupambana chigawo chiyambire mlingo wa 2.1. Ine ndimaona kuti ndalama ndi chidwi zinapita ku sabata imodzi ya mu Febuluwale, imene imaoneka pa kanema m'maiko ambiri, pamene masabata ena onse a pachaka, amene amapanga wopalasa, anasiyidwa m'mbuyo.

Wokonda Njinga anayankha kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu, makamaka inu mayi Nachisale pa nkhani ya matimu atatu ija. Ndili ndi mafunso ena awiri aafupi. Ndinamva kuti Chris Froome anapikisanapo nawo, ndipo ndikudabwa kuti munthu wotere analephera bwanji kupambana. Ndinamvanso kuti mu 2025 panali matimu amene anakana kupita. Kodi chinavuta n'chiyani, ndipo kodi mpikisano wa dziko lonse uja unaonetsa kuti eni dziko ayamba kubwerera?

Mphunzitsi Wopuma anayankha kuti:

Ndiyambe ndi a Mkonzi: mfundo yanu ya Eritrea ndi yolimba, komabe sikuchotsa yanga, chifukwa Kudus adapambana atavala jezi ya Astana, Tesfatsion mu 2022 adali ndi timu ya ku Italy ya Drone Hopper-Androni, ndipo Mulubrhan mu 2023 adali ndi Bardiani, ya ku Italy komweko. Adali ana a mu Africa, inde, koma kumbuyo kwawo kudali ndalama, amakaniko ndi madokotala a matimu a ku Ulaya, omwe mlingo wa 2.1 udawakokera ku Kigali.

Za Froome, achimwene, adabweradi mu 2023 ndi timu ya Israel-Premier Tech. Adabadwira ku Nairobi ndipo adapambana Tour de France kanayi, koma pofika chaka chimenecho adali ndi zaka 37, ndipo mphamvu zake sizidabwererenso chichitikire ngozi yoopsa ya mu 2019, pamene adawomba khoma akuyesera msewu pa mpikisano wa Critérium du Dauphiné. Pa chigawo chochokera ku Rusizi kupita ku Rubavu adathawa yekha patsogolo kwa mtunda wautali, koma mavuto a matayala adamubweza, kenaka adagwa. Pamapeto pake sadapezeke n'komwe pa anthu 10 oyambirira. Kubwera kwake kudathandiza kutchuka kwa mpikisano kuposa mmene kudathandizira mbiri yake.

Nkhani ya 2025 ndi ya ndale ndi chitetezo. Kumapeto kwa Januwale chaka chimenecho zigawenga za M23 zidalanda mzinda wa Goma kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo. Akatswiri a bungwe la United Nations akhala akunena kuti dziko la Rwanda limathandiza gululi, zomwe boma la Kigali lakhala likukana. Goma ndi Rubavu ndi mizinda yogundana, yolekanitsidwa ndi chipata cha malire chokha, ndipo njira ya mpikisano idali yodutsa ku Rubavu patangopita milungu yochepa. Timu ya achinyamata ya Soudal Quick-Step ya ku Belgium idakana kupita, ndipo Nyumba ya Malamulo ya mgwirizano wa maiko a ku Ulaya idapempha kuti mpikisano wa dziko lonse usachitikire ku Kigali ngati zinthu sizisintha. Mtsogoleri wa UCI, David Lappartient, adakana pempholi. Tour du Rwanda udachitika, ndipo chimene chidausokoneza sichidali nkhondo koma nyengo, pakuti chigawo chomaliza cha ku Kigali chidaimitsidwa chili m'kati chifukwa cha mvula ndi kuterera kwa msewu, ndipo Doubey adapatsidwa jezi potengera nthawi za dzulo lake.

Mpikisano wa dziko lonse udachitika kuyambira pa 21 mpaka pa 28 Sepitembala, koyamba mu Africa muno. Wa amuna udali wa makilomita 267.5, wokwera mamita oposa 5,000 mukaphatikiza zitunda zonse, ndipo udadutsa pa Mont Kigali ndi Kwa Mutwe pomwe mayi Nachisale afotokoza. Tadej Pogačar wa ku Slovenia adayamba kuthawa pa Mont Kigali kutatsala makilomita oposa 100, ndipo adafika yekha. Pa anthu oposa 160 amene adanyamuka, 30 okha ndi amene adamaliza. Mwa amenewa mudalibe wa ku Rwanda, ndipo wa mu Africa adali mmodzi yekha, Amanuel Ghebreigzabhier wa ku Eritrea, amene adafika pa nambala 30.